Fizikisi ya Fomu 3 ndi Fomu 4: Zimene Wophunzira Amakumana Nazo

Fizikisi ndi nthambi ya sayansi imene imafufuza kayendedwe ka zinthu, zimene zimaziyendetsa kapena kuziimitsa, ndiponso khalidwe la kutentha, kuwala, mawu ndi magetsi. M'sukulu za sekondale za m'Malawi phunziroli limayamba mu Fomu 1, koma limakhwima mu Fomu 3 ndi Fomu 4, zaka ziwiri zimene zimathera pa mayeso a MSCE okonzedwa ndi bungwe la MANEB. Kwa zaka zambiri fizikisi inkaphunzitsidwa pamodzi ndi kemisitiri m'phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, ndipo makolo ambiri a ana a lero analemba limenelo. Silabasi itaunikidwanso motsogozedwa ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi, maphunziro awiriwa anapatulidwa, lililonse n'kukhala ndi nthawi yake, mabuku ake ndi mayeso ake. Kupatulako kunapatsa fizikisi mpata wozama, ndipo wophunzira amakumva kuzamako akangolowa Fomu 3.

Mwana wa Fomu 1 akafunsidwa chimene chimachitika mwala ukaponyedwa m'mwamba, n'kuyankha kuti umabwerera pansi chifukwa dziko limaukoka, wakhoza. Wa Fomu 3 amafunsidwa kuti mwalawo ukwera mamita angati, ukhala m'malere masekondi angati, ndipo ufika pansi uli pa liwiro lanji. Yankho la mawu okha silikwananso. Pamafunika nambala, ndipo nambalayo iyenera kutuluka m'lamulo limene wophunzira walimvetsa mpaka kutha kuligwiritsa ntchito pa funso limene sanalionepo. Ana ambiri amene ankakhoza bwino poloweza manotsi amayamba kutsalira pamenepa, nzeru zawo zili zomwe zija, chifukwa njira imene inawafikitsa mu Fomu 3 siingawapititse patsogolo.

Kuyeza ndi masamu

Zonse zimayambira pa kuyeza. Utali umayezedwa m'mamita, nthawi m'masekondi, kuchuluka kwa chinthu m'makilogalamu, ndipo miyezo ina imamangidwa pa imeneyi. Liwiro ndi mamita pa sekondi. Kukankha kapena kukoka, kumene mabuku amakutcha force, kumawerengedwa m'ma newton. Nambala yolembedwa popanda muyezo wake ilibe tanthauzo, ndipo pa mayeso imaluzitsa malikisi ngakhale kuwerengera konse kukhale kolondola.

Ophunzira amazolowera zipangizo monga vernier calipers ndi micrometer screw gauge, zimene zimayeza kunenepa kwa waya mpaka pa kachigawo ka milimita. Amaphunziranso kuti muyezo uliwonse umaphonya pang'ono, choncho munthu sayeza kamodzi n'kukhutira. Wofuna kudziwa nthawi imene kamwala kolendewera pa chingwe kamatenga kupita uku ndi kubwerera amawerenga maulendo 20 pamodzi n'kugawa nthawiyo ndi 20, kuti kuchedwa kwa chala podina wotchi kugawanike pa maulendo onsewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotereku ndi luso limene limaphunzitsidwa ngati lina lililonse.

Masamu ofunika si ochuluka, koma ayenera kukhala m'manja: kutembenuza fomula kuti chosadziwika chitsale chokha mbali imodzi, kugwira ntchito ndi nambala zazikulu kwambiri kapena zazing'ono kwambiri, kujambula girafu ndi kuwerenga kupendekeka kwake, komanso sine ndi cosine pang'ono. Mavuto ambiri amene ana amawaika pa fizikisi amakhala a masamu a Fomu 2 amene sanakhazikike. Wodziwa kuti mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi, koma wosatha kupeza nthawi atapatsidwa ziwiri zinazo, amaloweza mafomula atatu pamene imodzi ikanakwana, ndipo pofika Fomu 4 katundu wa m'mutu amakhala atamulemera.

Chachilendo china ndi chakuti miyezo ina ili ndi kolowera. Boti la injini lolunjika tsidya la mtsinje wa Shire pa mamita 4 pa sekondi, madzi akulikokera kumunsi pa mamita 3 pa sekondi, siliyenda pa mamita 7. Limayenda chopingasa pa mamita 5 pa sekondi, ndipo yankholo limapezeka pojambula mivi iwiri yokumana pakona n'kuyeza wachitatu woilumikiza. Miyezo yotereyi imatchedwa ma vector, ndipo imabwerabwera m'mitu yonse yotsatira.

Kuyenda kwa zinthu

Mutu waukulu wa zaka ziwirizi ndi malamulo atatu amene Isaac Newton anafalitsa mu 1687. Loyamba limati chinthu chimene chikuyenda chimapitirira kuyenda molunjika pa liwiro lomwelo pokhapokha china chikachikankha kapena kuchikoka. Lamuloli limatsutsana ndi zimene maso amaona tsiku ndi tsiku, pakuti ngolo imaima ng'ombe zikasiya kukoka. Wophunzira amayenera kuzindikira kuti ngoloyo yaimitsidwa ndi kukhulana kwa matayala ndi nthaka, ndipo pakanapanda kukhulanako ikanapitirira. Umboni wake uli m'minibasi iliyonse: dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, galimoto imaima koma matupi a okwera amapitirira kutsogolo.

Lachiwiri limalumikiza kukankha, kuchuluka kwa chinthu ndi kusintha kwa liwiro lake, ndipo ndilo limabala mawerengero ambiri. Lachitatu limati chokankha nacho chimakankhidwa mofanana, molozera kumbuyo. Nkhafi imakankhira madzi m'mbuyo, madzi n'kukankhira bwato kutsogolo.

Chinthu chimene chikugwa chimawonjezera liwiro ndi mamita pafupifupi 10 pa sekondi, sekondi iliyonse. Ngati mpweya sukusokoneza, mwala waukulu ndi waung'ono zimafika pansi pamodzi, mfundo imene Galileo Galilei anaikhazikitsa Newton asanabadwe. Ndi nambala imodziyi, funso la mwala woponyedwa m'mwamba limayankhika. Ukachoka m'dzanja pa mamita 20 pa sekondi, umakwera kwa masekondi awiri, umafika mamita 20, ndipo umabwerera m'dzanja pakatha masekondi anayi uli pa liwiro lomwe unachokera.

Pa zonse za m'mutu uwu, chimene chiyenera kutuluka m'kalasi n'kufika kwa aliyense woyenda pa msewu ndi nkhani ya mphamvu imene chinthu choyenda chimakhala nayo. Mphamvuyi siikula molingana ndi liwiro. Imakula molingana ndi liwiro litachulukitsidwa ndi lokha. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola ili ndi mphamvu yochuluka kanayi kuyerekeza ndi yothamanga makilomita 50, choncho mabuleki omwewo pa msewu womwewo amafuna mtunda wotalika kanayi kuti aiimitse. Ichi n'chifukwa chake malire a liwiro amatsika pa malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1, pamene anthu, njinga ndi ziweto zimadutsana. Chipewa cha pa njinga yamoto nacho chimafotokozeka ndi lamulo lachiwiri lija. Zofewa za m'kati mwake zimatalikitsa nthawi imene mutu umatenga kuti uime ukagunda pansi, ndipo nthawiyo ikatalika, kukankha kofika pa chigaza kumachepa. Wakabaza amene anaphunzira zimenezi sangachione chipewa ngati chongosangalatsa apolisi a pamsewu.

Makina osavuta amabwera m'gawo lomweli. Chogwirira cha mjigo n'chachitali dala, kuti dzanja la mwana likankhe pang'ono pa mtunda wautali n'kukweza madzi olemera pa mtunda waufupi. Wilibala, chikwanje ndi magiya a njinga zimatsata mfundo imodzimodziyo. Palibe makina amene amabweza mphamvu yoposa imene alandira, ndipo ina imatayika nthawi zonse ngati kutentha.

Kupanikiza ndi kutentha

Madzi amapanikiza kwambiri munthu akamatsikira pansi. Mamita 10 alionse amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pa dziko, kotero pa malo akuya kwambiri a nyanja ya Malawi, amene amafika mamita pafupifupi 700, kupanikizako n'koposa kwa pamtunda maulendo pafupifupi 70. Khoma la damu limanenepa kunsi pa chifukwa chimenechi, ndipo thanki ya madzi imakwezedwa pa nsanja kuti mpopi utuluke mwamphamvu. Kupanikiza kwa mpweya kumachepa munthu akamakwera: pa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, mamita 3,002 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100, ndipo nyemba zimachedwa kupsa.

Zonsezi zimafotokozedwa ndi ganizo limodzi, lakuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka timene timagwedezeka kapena kuthamanga nthawi zonse. Kutentha kukakwera timathamanga kwambiri n'kufuna malo ambiri. Malata a denga amathetheka dzuwa likawomba, mawaya a magetsi amalendewera kwambiri mu Okutobala kuposa mu Juni, ndipo tayala lopopedwa mopitirira likhoza kuphulika pa phula wotentha. Pali malire a kuzizira, madigiri 273 pansi pa ziro, amene palibe chinthu chingawapitirire, ndipo muyezo wa kelvin umayambira pamenepo.

Magetsi

Palibe mutu umene umakhudza moyo wa Mmalawi mwachindunji kuposa wa magetsi, ndipo palibenso umene umavuta kuumvetsa pongowerenga, chifukwa chimene chikuyenda m'waya sichioneka. Ophunzira amasiyanitsa zinthu zitatu. Pali kukankha kumene batire kapena jenereta imapereka, koyezedwa m'mavoliti. Pali kuchuluka kwa magetsi odutsa pa sekondi, kumene amisiri amakutcha karenti. Palinso kukaniza kwa waya kapena chipangizo. Fanizo lothandiza poyamba ndi la madzi a m'paipi: kutalika kwa nsanja ya thanki ndiwo mavoliti, madzi otuluka ndiyo karenti, ndipo kuchepa kwa paipi ndiko kukaniza. Georg Ohm anaonetsa mu 1827 mmene zitatuzi zimagwirizanirana, ndipo lamulo lake ndilo chida chachikulu powerengera mababu olumikizidwa mondondozana kapena mofanana mbali ndi mbali. M'nyumba amalumikiza m'njira yachiwiriyi, n'chifukwa chake babu limodzi likapsa ena amayakabe.

Mayunitsi amene banja limagula ku ESCOM ndi muyezo wa fizikisi weniweni. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yuniti m'theka la ola, pamene babu la mawati 10 limayaka maola 100 pa yuniti yomweyo. Wophunzira wa Fomu 3 akhoza kuwerenga manambala olembedwa kunsi kwa chipangizo chilichonse cha pakhomo n'kuuza makolo ake kumene ndalama zikuthera, ndipo pafupifupi nthawi zonse zimathera pa zotenthetsa, monga mbaula, ayironi ndi giza. Amaphunziranso chifukwa chake pulagi ili ndi mano atatu. Waya wa bulauni ndi wamoto, wa buluu ndi wobwerera, ndipo wa girini ndi chikasu umathawitsira magetsi m'nthaka ngati chipangizo chawonongeka. Fyuzi ndi kawaya kopangidwa dala kuti kasungunuke karenti ikachuluka. Kumanga waya wamba m'malo mwa fyuzi yopsa, kumene kumachitika m'nyumba zambiri, n'kuchotsa mlonda yekhayo amene akanaletsa moto.

Mu Fomu 4 nkhani imafika pa kumene magetsiwo amachokera. Mu 1831 Michael Faraday anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumabadwa magetsi. Dayinamo ya pa njinga imagwira ntchito motero, ndipo makina a EGENCO a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire amachita chimodzimodzi pa mlingo waukulu. Madzi otsika amazunguza makina, makinawo n'kuzunguza maginito. Mphamvu yopezeka imadalira zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa malo amene akugwera. Malita 1,000 a madzi akamagwa mamita 50 sekondi iliyonse amapereka mawati pafupifupi 500,000, tisanachotse otayika. Kuwerengera kumeneku kumamasula nkhani zambiri za m'nyuzipepala. Nyanja ikatsika, madzi olowa mu Shire amachepa, ndipo magetsi amachepa nawo. Matope ndi namasupuni zikatseka polowera madzi, zotsatira zake n'zomwezo. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunafika paliponse.

Chotsalira ndi ulendo wochoka ku Shire kukafika ku Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga. Waya aliyense amatentha karenti ikamadutsa, ndipo kutenthako ndi magetsi otayika. Kutayikaku kumakula molingana ndi karenti itachulukitsidwa ndi yokha, choncho mavoliti akakwezedwa ka 10, karenti imatsika ka 10, ndipo zotayika zimatsika ka 100. Ichi ndicho chifukwa chake mawaya a pa nsanja zazitali amanyamula mavoliti 132,000 kapena kuposerapo, ndipo mathiransifoma amawatsitsa pang'onopang'ono mpaka afike pa 230 a m'nyumba. Thiransifoma ilibe chozungulira m'kati. Ili ndi makoyilo awiri pa chitsulo chimodzi, ndipo imagwira ntchito chifukwa magetsi ake amapita uku ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Mafuta a m'kati mwake amaziziritsa ndi kutchinga magetsi, kotero akabedwa thiransifoma imapsa, mudzi wonse n'kukhala mumdima.

Mafunde, kuwala ndi atomu

Mawu amayenda ngati mafunde mu mpweya pa mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Kusiyana kumeneku kumapatsa munthu njira yodziwira kutalika kwa mphezi: masekondi atatu alionse pakati pa kung'anima ndi kugunda kwa bingu ndi kilomita imodzi. Ophunzira amadabwa kumva kuti mafunde a wailesi, a foni, kutentha kwa dzuwa, kuwala kooneka ndi X-ray ya kuchipatala ndi banja limodzi, losiyana kutalika kwa funde kokha. Amajambulanso njira ya kuwala podutsa m'galasi lokhuthala pakati kapena lopyapyala pakati, n'kuona mmene mandala amathandizira diso losaona patali kapena pafupi, ndi chifukwa chake nsomba imaoneka ngati ili pafupi ndi pamwamba pa madzi kuposa pamene ilidi.

Kumapeto kwa Fomu 4 kuli atomu. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895, Henri Becquerel anapeza chaka chotsatira kuti miyala ya yureniyamu imatulutsa cheza payokha, ndipo Marie ndi Pierre Curie anapitiriza kafukufukuyo. Mu 1911 Ernest Rutherford anaonetsa kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kachimake kakang'ono ka pakati. Machimake ena ndi osakhazikika, ndipo amasweka n'kutulutsa cheza cha mitundu itatu. Cha alpha chimatchingidwa ndi pepala, cha beta ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu, pamene cha gamma chimafuna mtovu wokhuthala kapena konkire. Mtundu uliwonse wa atomu yosweka uli ndi nthawi yake imene theka lake limatha. Kwa carbon-14, amene amathandiza kudziwa zaka za mafupa ndi makala akale, ndi zaka 5,730. Kwa uranium-238 ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni.

Mutu umenewu si wa maiko akutali okha. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera m'boma la Karonga unatsegulidwa mu 2009, ndipo mafunso okhudza fumbi, madzi ndi zotsalira za mgodi amafuna anthu odziwa kusiyanitsa choopsa chenicheni ndi mphekesera. Zipatala zimene zimajambula m'thupi kapena kuthandiza odwala khansa ndi cheza zimafunanso anthu otere. Pambali pa atomu pali chiyambi cha zamakono: diode imene imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, monga m'tchaja ya foni, ndi timageti ta AND, OR ndi NOT timene kompyuta iliyonse inamangidwapo. Mapanelo a sola a pa denga, ndi a pa munda waukulu wa mamegawati 60 wa ku Salima, amapangidwa ndi silicon, yemwenso amapangira ma diode ndi timageti timeneti.

Labotale

Mayeso a fizikisi ali ndi pepala la mafunso olemba ndi pepala la zochita ndi manja. Pa lachiwirili wophunzira amapatsidwa zipangizo, monga sipuling'i ndi zolemera, galasi ndi kandulo, kapena mabatire, mawaya ndi mamita oyezera, ndipo amayenera kulumikiza, kuyeza, kulemba manambala mu tebulo, kujambula girafu ndi kunena chimene girafuyo ikuonetsa. Apa ndi pamene kusiyana kwa sukulu kumapweteka. Sukulu za boma zogonera komweko ndi za mishoni zambiri zili ndi labotale. Sukulu zambiri zoyendera za m'madera, zotchedwa CDSS, zilibe, ndipo zina zilibe ngakhale magetsi. Mwana amene wagwira ammeter, mita yoyezera karenti, koyamba masiku ochepa mayeso asanafike amalemba pepala lofanana ndi mnzake amene wakhala akuigwira zaka ziwiri, ndipo zotsatira zawo zimaikidwa pa sikelo imodzi. Kumeneku si kupikisana kwa chilungamo, ndipo kumataya ana anzeru ambiri dziko lisanawadziwe.

Aphunzitsi sanakhale manja lende. Pali njira yodziwika ndi dzina lakuti TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Botolo la pulasitiki lobooledwa pa malo atatu limaonetsa kuti madzi a kunsi amatuluka mwamphamvu. Lula yoikidwa pa pensulo ndi makobidi ofanana zimaphunzitsa lamulo la chogwirira cha mjigo. Msomali wokulungidwa waya n'kulumikizidwa ku batire la tochi umasanduka maginito, ndipo mphira wa legeni umaonetsa kutanuka. Pulogalamu ya SMASSE, imene unduna wa maphunziro unayendetsa mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, inasula aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuti ana azichita okha m'malo mongokopera za pa bolodi. Njirazi zimathandiza kwambiri pa kumvetsa, ngakhale sizilowa m'malo mwa mita yoyezera magetsi kapena galasi lopangidwa bwino.

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi la William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Iye anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kuyamba kubwereka mabuku a sayansi m'kalaibulale ka m'dera lake. Potsata zithunzi za m'mabukumo anamanga makina a mphepo ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga, mpaka kuyatsa mababu kwawo. Pambuyo pake anamaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America mu 2014, ndipo mbiri yake inapangidwa filimu mu 2019. Nkhaniyi imaonetsa zimene buku ndi manja zingachite zikakumana. Kuigwiritsa ntchito ngati umboni wakuti labotale n'njosafunika kungakhale kuilakwira, pakuti ana ena ambiri a nzeru zofanana sanapeze ngakhale laibulaleyo.

M'labotale momwemo mumaoneka vuto lina. Gulu likapatsidwa zipangizo, kawirikawiri anyamata amathamangira kulumikiza mawaya, mtsikana n'kupatsidwa cholembera kuti azilemba manambala. Pakatha zaka ziwiri, wina amakhala atazolowera zipangizo ndipo wina ayi, kenako anthu amati fizikisi ndi ya anyamata. Maganizo amenewa alibe maziko m'nzeru za ana, ndipo mphunzitsi amene amasinthasintha ntchito za m'gulu sabata ndi sabata amawathetsa popanda kuwononga ndalama.

Kukonzekera mayeso ndi njira za m'tsogolo

Phunziroli limaphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chingerezi, choncho wophunzira amalimbana ndi chilankhulo ndi mfundo nthawi imodzi. Njira yabwino yodziyesera ndi kufotokozera mnzake lamulo m'Chichewa, buku litatsekedwa. Amene sangathe kutero amakhala ataloweza chiganizo chabe. Pa mafunso owerengera, chizolowezi chimene chimapulumutsa ndi kujambula kaye chithunzi, kulemba zimene zaperekedwa ndi miyezo yake, kusankha lamulo, ndipo pomaliza kudzifunsa ngati yankho n'lomveka. Njinga yakapalasa yopezeka ikuthamanga mamita 300 pa sekondi ndi chizindikiro chakuti penapake pasokonekera. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amathandiza akamayankhidwa ndi pensulo m'manja, osati akamawerengedwa pamodzi ndi mayankho ake. Ochonga mayeso amapereka malikisi pa njira, kotero wolemba sitepe iliyonse amapezako kanthu ngakhale nambala yomaliza iphonye.

Zotsatira za MSCE zimaperekedwa kuyambira 1 mpaka 9. Mapointi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa ndi bungwe la NCHE, ndipo kumafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Maphunziro a uinjiniya a ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo amayang'ana kwambiri fizikisi ndi masamu, ndipo a udokotala ku KUHeS amafuna fizikisi pamodzi ndi kemisitiri ndi bayoloje. Fizikisi payokha imaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University, pamene makoleji a Domasi ndi Nalikule amasula aphunzitsi a sekondale. Mwana amene wasiya phunziroli mu Fomu 3 chifukwa cha mantha amakhala atadzitsekera makomo amenewa ali ndi zaka 15 kapena 16, nthawi zambiri asakudziwa. Ngakhale amene safika ku yunivesite amalipeza lothandiza m'makoleji a ntchito za manja a pansi pa TEVETA, m'maphunziro a zamagetsi, umakaniko, kuwotcherera ndi kuika sola.

Sukulu zochepa zimatsata silabasi ya Cambridge ya ku England. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981, ndi imodzi mwa izo. Kumeneko wophunzira akamaliza IGCSE amasankha maphunziro atatu kapena anayi okha n'kuwazamitsa kwa zaka zina ziwiri za A Level. Fizikisi ya pa mlingo umenewu imabwereza mitu ya MSCE ndi masamu okhwima, kenako imalowa m'nkhani za mphamvu yokoka imene imasunga mwezi ndi masetilaiti m'njira zawo, kusunga magetsi mu capacitor, ndi chiyambi cha fizikisi ya quantum. Kumeneko ophunzira amakumana ndi zimene Albert Einstein anafotokoza mu 1905, kuti kuwala kumafika m'timaphukusi ta mphamvu, ntchito imene inamupezetsa mphotho ya Nobel ya 1921. Wochokera ku MSCE amakumana ndi mitu yomweyi m'chaka choyamba ndi chachiwiri cha ku yunivesite, kumene digiri ya sayansi imatenga zaka zinayi ndipo ya uinjiniya zaka zisanu.